Chitsamba cha kwa aneba chalowa kwanga, ndani akuchidziwa?

Amayi a ku Chigumula:
Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndithandizeni abale. Kuseri kwa nyumba yanga kuli puloti ya aneba, eni ake anapita ku Joni kalekale nyumba anaisiya pa lintala, nde pamenepo pamera chitsamba china chake chadzadza puloti yonse mpaka chakwera fensi yanga ya njerwa nkutsikira mbali yakuno, panopa chayamba kuphimba mpiru ndi tomato wanga. Kutalika chapitirira munthu. Maluwa ake ndi ting'onoting'ono tounjikana pamodzi, mutu umodzi womwewo muli achikasu, apinki ndi ena ofiirira, kukongola nkokongola sindinama, koma chili ndi timinga tokola zovala ndipo ukachigwira manja amayabwa. Chikubalanso tizipatso tobiriwira tomwe tikapsa timada. Chandidetsa nkhawa nchoti dzulo ndapeza ana anga ndi anzawo akutola tizipatsoto nkumadya. Ndi chiyani chimenechi? Nanga ndichithetsa bwanji poti mizu yake ili kwa eni?

Achimwene a ku Ndirande:
Mayi tumizani chithunzi tione, kungofotokoza pakamwa tizingoganizira. Koma mwati minga yokola zovala, si lunguzi ameneyo?

Mlimi wa ku Dedza:
Ine ndikuona ngati deliya. Ameneyu akapeza malo osalimidwa amadzadza kwambiri ndipo amatalika kupitirira munthu. Ngati ndi iyeyo musadandaule, masamba ake ndi manyowa abwino zedi, ife timadula nkukwirira m'mizere kapena kuviika m'madzi nkumathirira ndiwo zamasamba.

Amayi a ku Chigumula:
Ayi bambo deliya ndimamudziwa, uja wa maluwa akuluakulu achikasu ofanana ndi a mpendadzuwa, alibenso minga. Ichi ndi china. Chithunzi chikukana kupita, bandulo yatsala pang'ono, ndiyesa madzulo.

Mphunzitsi wa ku Zomba:
Ngakhale popanda chithunzi titha kuchipeza. Mayi pitani pomwe chatsikira kwanuko muchite izi. Thyolani kanthambi kanthete mukagubuduze pakati pa zala, mundiuze ngati ndi kozungulira kapena kali ndi makona anayi. Kenako onani masamba ngati akutuluka awiriawiri moyang'anizana, komanso ngati m'mphepete mwake muli timano. Musisite tsamba ndi chala, kenako mulifikise nkununkhiza.

Amayi a ku Chigumula:
Ndapita aphunzitsi. Kanthambiko kali ndi makona anayi ndithu, timingato tili m'makonamo topindikira pansi. Masamba ali awiriawiri, timano tilipo, ndipo ndi okhakhala ngati sandipepa. Fungo lake ndiye eee, lamphamvu loti mpaka pano silinachoke m'manja ngakhale ndasamba ndi sopo.

Mphunzitsi wa ku Zomba:
Basi ameneyo ndi lantana, dzina lake lonse la sayansi ndi Lantana camara. Zonse mwanenazo ndi zake, makamaka zoti mutu umodzi wa maluwa umakhala ndi mitundu ingapo, chifukwa duwa likangomasula limakhala lachikasu kenako likamakula limasintha nkukhala lapinki kapena lofiira, nchifukwa chake pakati mumaona achikasu m'mbali muli ena. Achimwene a ku Ndirande, lunguzi ndi wosiyana, masamba ake ndi timasamba tambirimbiri tondandalika pa phesi limodzi, maluwa ake ndi achikasu okhaokha, amabala zikhokhombe osati tizipatso, ndipo minga yake ndi ikuluikulu yoti ikakukola umatuluka magazi. Wina amene anthu amamusokoneza ndi lantana ndi duranta uja timadulira mipanda m'tauni, koma iyeyo maluwa ake ndi abuluu motuwira kapena apepo ndipo zipatso zake ndi zachikasu zolendewera. Lantana si wakuno ayi, kwawo ndi ku Central ndi South America, azungu anamutengera ku Ulaya zaka za m'ma 1600 chifukwa cha maluwa ake kenako nkumufalitsa m'maiko omwe ankalamulira ngati duwa la pakhomo ndi mpanda. Lero ali m'maiko oposa 60, ndipo bungwe loona zoteteza chilengedwe la IUCN linamuika pa mndandanda wa zamoyo 100 zobwera zoononga kwambiri padziko lonse.

Achimwene a ku Ndirande:
Aaa ndi chija chimadzadza m'mbali mwa njanji ndi m'mphepete mwa Mudi eti? Nde ifetu tinkadya tili ana, takudato timatsekemera pang'ono, palibe anafa.

Abambo opuma pa ntchito ya ziweto:
Achimwene pamenepo samalani ndi mawu, pali ana pakati. Nzoona kuti ambirife tinadyako takupsa osaona vuto, koma tobiriwirato ndi poizoni, mwana akadya tambiri amasanza, kutsegula m'mimba, kufooka, nthawi zina kupuma movutikira. Ndiye mwana wazaka zinayi kapena zisanu sasankha kuti aka kapsa aka ayi, amangokolola chitsagwa chonse nkuponya mkamwa, ndipo pa chitsagwa chimodzi pamakhala takuda ndi tobiriwira pamodzi. Mayi auzeni anawo asiyiretu, ndipo muwauzenso makolo a anzawowo. Mukaona wina akusanza kapena wangoti lefu thamangani naye kuchipatala mutatenga kanthambi kokhala ndi zipatso zake kuti adokotala aone chomwe wadya.

Amayi a ku Chigumula:
Iii zikomo bambo. Onse ali bwinobwino mpaka pano, adya nsima akusewera. Ndawakhazika pansi ndawauza, ndipo mbali yomwe yatsikira kwanga ndidula lero lomwe kuti asafikire.

Abambo opuma pa ntchito ya ziweto:
Mwachita bwino. Koma ndiwonjezere china poti muli ku Chigumula, kumeneko mpaka ku Bvumbwe kuli alimi ambiri a ng'ombe zamkaka za m'khola ndipo anyamata amayenda ndi zikwakwa kumweta udzu paliponse, m'mapuloti osamangidwa ngati imeneyo. Nthambi mukadulazo musakataye kumsewu kapena pamalo pomwe amamweta. Masamba a lantana ali ndi poizoni wotchedwa lantadene amene amaononga chiwindi, ndulu imaleka kuyenda bwino. Ng'ombe ikadya imayamba kukana msipu, ndowe zimauma kapena kusiya kutuluka, m'maso ndi m'nkhama mumachita chikasu, kenako imayamba kuthawa dzuwa kumangofuna mthunzi. Pakapita masiku khungu la pamphuno, m'makutu, kubere ndi malo onse oyera limatupa, kung'ambika nkumasupuka. Ng'ombe zathu zamawanga oyera ndi akudazi ndiye zimavutika kwambiri chifukwa pamalo oyerapo dzuwa limalowa mosavuta. Ndinaziona ndi maso anga, ng'ombe yabwinobwino yopatsa banja mkaka tsiku ndi tsiku msana wonse uli zilonda ntchentche zili ng'waa, mwini wake akulira, zimamvetsa chisoni abale. Ng'ombe yozolowera malo nthawi zambiri imamupewa yokha chifukwa cha fungo, vuto limabwera ikakhala yachilendo, kapena nthawi ya chilimwe msipu utauma iye yekha ali wobiriwira, kapenanso akasakanikira mu udzu womweta. Nkhosa nazo zimadwala, mbuzi zimapirirako koma si kuti nzotetezeka. Ikadya ilowetseni pamthunzi, ipatseni madzi ambiri ndipo itanani alangizi a ziweto msanga, musadikire kuti khungu liyambe kusupuka.

Mlimi wa ku Dedza:
Izi sindimadziwa. Kwathu kuno ena amabzala dala kuzungulira dimba kuti mbuzi zisalowe.

Wogulitsa maluwa ku Lilongwe:
Inetu ndiyankhuleko mbali inayo chifukwa mwamunyoza kwambiri. Ndimagulitsa mbande za maluwa m'mbali mwa msewu ndipo lantana anthu amamufuna, safuna madzi ambiri, chiswe sichimugwira, amachita maluwa pafupifupi chaka chonse ndipo agulugufe amadzadza pakhomo. Mpanda wake wakuba sadutsa. Agogo anga ankaotcha masamba ake madzulo kuthamangitsa udzudzu, ena amaika masamba ouma m'matumba a chimanga kuti anankafumbwe achepe. Vuto si chomera, vuto ndi munthu wosiya puloti zaka osaisamala. Ukamadulira mwezi ndi mwezi savuta.

Mphunzitsi wa ku Zomba:
Achimwene zomwe mwanenazo zambiri nzoona, za agulugufe ndi udzudzu sindikutsutsa. Koma inu mumadulira nthambi, mbalame simungaziletse. Apumbwa amadya tizipatsoto nkukanyera njere kutali, pansi pa fensi, pansi pa mitengo, kumanda, m'mphepete mwa mitsinje, ndipo njere yodutsa m'mimba mwa mbalame imamera bwino kuposa yongogwa pansi. Tsinde limodzi lalikulu limatha kubala zipatso zofika 12,000 pa chaka. Mwina pa puloti ya aneba awowa palibe anabzala, inabwera ndi mbalame kuchokera pa mpanda wa munthu wina amene amadulira bwinobwino. Ndipo akakhazikika pansi pake sipamera kanthu, amatchinga dzuwa komanso amatulutsa timadzi tolepheretsa mbewu zina kumera, nde udzu wa ziweto, timitengo tachilengedwe, mankhwala azitsamba omwe agogo athu ankakumba, zonse zimatha pamalopo. Ife a ku Zomba tikudziwa kuwawa kwa zomera zobwera, kwerani kuphiri muone momwe malasibere achikasu aja ochokera ku Himalaya adzadzira, ana amagulitsa zipatso zake inde koma alanda malo aakulu. Ku Mulanje a bungwe losamalira phiri la MMCT akhala akulimbana ndi paini wofalikira yekha pamwamba pa phiri pomwe payenera kukhala mkungudza wathu. Namasupuni mu Shire ndi nkhani yomweyo, naye anabwera ngati duwa lokongola.

Wogulitsa maluwa ku Lilongwe:
Ndamva aphunzitsi, koma ndiye tidya chiyani ife? Kasitomala akafuna ndimukanize?

Mphunzitsi wa ku Zomba:
Muuzeni zoona zake, makamaka ngati ali ndi ana aang'ono kapena ziweto, kenako mumuonetse china. Hibiscus mumagulitsa, bougainvillea mumagulitsa, ndalama yake ndi yomweyo.

Achemwali a ku Joni:
Kunoko nkhani imeneyi si yokambirana nkomwe. Ndimagwira ntchito m'nyumba ndipo amuna anga ndi a m'gadeni, lantana ali pa gulu lomwe amati Category 1b, kutanthauza kuti lamulo silikulola kubzala, kugulitsa kapena kumusunga, mwini malo ayenera kumuchotsa. Abwana ake akangoona kamodzi kamera amati zula pompano. Nde aneba anuwo ngati ali konkuno ndipo amagwira za m'gadeni ngati abale athu ambiri, mukangowatumizira chithunzi pa WhatsApp adziwa okha kuti ndi chiyani, simuvutika kufotokoza.

Malume a ku Harare:
Kuno ku Zimbabwe nakonso ali m'gulu la zomera zoletsedwa. Ku Victoria Falls amachita kulemba anthu ntchito yozula m'nkhalango ija ya pa mathithi chifukwa amapha mitengo yachilengedwe.

Achimwene a ku Ndirande:
Nde tisachulutse gaga m'diwa apa, mayi gulani petulo pang'ono muthire muyatse, mawa kuli mbee.

Agogo a ku Mulanje:
Mwanawe usawaphunzitse zimenezo. Mwezi uno wa Okutobala kunja kwauma chonchi, mphepo ikuomba, moto ukayaka pa chitsamba chotalika kuposa fensi uzimitsa ndani? Pansi pake pamakhala nthambi zouma zambiri, zimayaka koopsa. Pafupi pali nyumba za anthu, mipanda ya udzu, mawaya a magetsi. Komanso ndi puloti ya eni, mukaotcha zitseko kapena matabwa omwe anasunga m'nyumbamo mulipira. Ndipo ndikuuzeni, ine ndalimbana nacho chitsamba chimenechi m'munda mwanga mmbali mwa mtsinje, moto sumupha. Zapamwamba zimapsa, chitsa chimatsala chamoyo, mvula ikangogwa chimaphuka nthambi zambiri kuposa kale, ndi njere zomwe zinali m'dothi zimamera zonse poti tsopano dzuwa likufika pansi. Kudula ndi chikwanje kokha nakonso chimodzimodzi, mumangomudulira kuti achite bwino.

Amayi a ku Chigumula:
Moto ayi agogo, sindingayerekeze, khitchini yanga yagundana ndi fensiyo. Nde inuyo munathana nacho bwanji?

Agogo a ku Mulanje:
Kukumba mwana wanga, palibe njira yachidule. Ubwino wake mizu yake siipita pansi kwambiri, imayenda m'mbali. Mumayamba kudula nthambi kuchokera kunja kulowa mkati mpaka mutaona pomwe tsinde latulukira m'dothi, musiye chitsa chofika m'bondo kuti mupeze pogwira. Kenako kumbani mozungulira ndi khasu kapena piki, dulani mizu ya m'mbali ndi nkhwangwa, mugwedeze chitsacho mpaka chizuke ndi mutu wake wonse, chifukwa pamutu pa mizupo ndi pomwe chimaphukira. Muchigoneke mizu kumwamba chiume. Nthambi musaunjike pa dothi lonyowa, paliponse pomwe mfundo yagunda dothi pamatuluka mizu, nchifukwa chake mupeza kuti chomwe mukuona ngati chitsamba chimodzi ndi zitsa zambirimbiri zolumikizana. Unjikani pa simenti kapena pa malata akale, zikauma mutha kuphikira. Langizo langa dulani nthambi panopa zisanabalenso, koma kukumba dikirani chizimalupsa chigwe dothi lifewe, panopa piki ingodumpha.

Abambo opuma pa ntchito ya ziweto:
Ndipo anyamata aganyuwo avale malaya aatali manja, magolovesi ndi jombo. Masamba aja amayabwitsa khungu, timinga timatsalira m'manja. Asanalowe ayambe amenya ndi mtengo wautali, malo ngati amenewo mumakhala makoswe ndipo pomwe pali makoswe njoka sizisowa.

Amayi a ku Chigumula:
Za makoswe musanene bambo, anapiye anga atha, ndipo usiku sitigona mtima uli m'malo chifukwa munthu atha kubisala mmenemo osaoneka.

Mlimi wa ku Dedza:
Nanga mankhwala opha udzu aja a Roundup sangathandize? Kusiyana nkuvutika ndi piki.

Mphunzitsi wa ku Zomba:
Amathandiza koma osati kungopopera pamwamba pa chitsamba chachikulu chonchija, muononga mankhwala ambiri ndipo mphepo iwatengera pa tomato wa mayiwa nkupsa yense. Njira yabwino ndi kudula tsinde pafupi ndi dothi kenako nthawi yomweyo, lisanaume pamwamba, nkupaka mankhwalawo ndi kabulashi pa chitsacho kuti alowe mpaka ku mizu. Mukachedwa chitsa chimatseka, salowanso. Amagwira bwino chomera chikakhala kuti chikukula, osati chafota ndi dzuwa. Muyezo wake tsatirani zolembedwa pa botolo kapena funsani alangizi, muvale magolovesi, botolo musunge kutali ndi ana, ndipo ngati pali chitsime pafupi ine ndingakonde njira ya agogoyi. Akatswiri ayesaponso kumumenya ndi tizilombo todya masamba ake, anayambira ku Hawaii mu 1902 ndipo mitundu yoposa 40 yatulutsidwa m'maiko osiyanasiyana, koma mpaka lero akadalipo, ku Australia yekha watenga mahekitala pafupifupi 4 miliyoni. Ndikunena izi kuti mudziwe kuti si chomera chomenya kamodzi nkuiwala.

Achimwene a ku Ndirande:
Chabwino za moto ndasiya. Koma funso lenileni ndi ili, alipira aganyuwo ndani? Puloti ndi ya wina, tchire ndi la wina, mayiwa atulutse ndalama zawo?

Agogo a ku Mulanje:
Choyamba si ndalama, choyamba ndi chilolezo. Zomwe zalowa mbali yanu dulani, palibe angakufunseni. Koma kulowa m'puloti ya munthu ndi makasu iye kulibe, mawa adzati munasuntha malire kapena njerwa zake zasowa, chibale cha pa uneba nkutha. Pezani nambala yawo muwaimbire mwaulemu, musayambe ndi kudandaula, muwauze kuti ana akudya zipatso zoopsa komanso nyumba yawo ikuonongeka. Akapanda kupezeka pitani kwa amfumu kapena a bloko lida, abwere aone ndi maso, ntchito igwiridwe iwo akudziwa.

Achemwali a ku Joni:
Zoona agogo. Ndipo muwauze kuti mizu ndi chinyontho zikuononga maziko a nyumba yawo, munthu amene akuvutika kuno kuti amange kumudzi akamva zimenezo satenga nthawi, atumiza ya aganyu pa Mukuru. Ambirife sitidziwa momwe mapuloti athu akuonekera, abale omwe tinawasiyira amangoti zonse zili bwino.

Amayi a ku Chigumula:
Chithunzi chija chapita tsopano, onani. Ndajambula duwa pafupi, tsamba, ndi puloti yonse nditakwera pa mpando.

Mphunzitsi wa ku Zomba:
Ndi lantana ndithu mayi, palibe chokaikitsa. Ndikuonanso kumanja uko wakwera mu mtengo wa mango mpaka pakati, akausiya auphimba wonse. Ena amene muli ndi zomera zina zokuzunguzani, jambulani chonchi duwa, tsamba ndi chipatso pafupi, mutha kuyesa pa mapulogalamu a pa foni a PlantNet kapena Google Lens, zikakanika kuno ku Zomba kuli National Herbarium komwe ntchito yawo ndi yomweyi yozindikira zomera.

Amayi a ku Chigumula:
Nkhani yabwino abale, mchemwali wawo wa anebawo amakhala ku Bangwe ndipo timapemphera mpingo umodzi, wandipatsa nambala. Ndawaimbira, anadabwa kwambiri ataona zithunzi, sanadziwe kuti zafika pamenepa. Avomera kuti tilowe, akuti kumapeto kwa mwezi atumiza ya aganyu ndipo mchemwali wawoyo adzakhalapo tsiku la ntchito. A bloko lida ndawauzanso. Anenanso kuti ngati ndikufuna ndizilimapo pa pulotiyo mpaka adzabwere kuti isachitenso tchire.

Agogo a ku Mulanje:
Vomerani msanga zimenezo, ndiye mankhwala ake enieni. Malo mukawasiya pambalambanda njere zomwe zili m'dothi zimera zonse ndi mvula yoyamba, ndipo zimakhala zamoyo m'dothimo zaka zingapo. Bzalani chimanga ndi maungu kapena mbatata, chilichonse chophimba nthaka chomwe chizikupangitsani kupalira. Timbande take n'tosavuta kuzindikira, timasamba tokhakhala tokhala ndi fungo lomwe lija, tikadali tating'ono timazuka ndi dzanja dothi likanyowa. Muziyang'ana kwambiri m'munsi mwa fensi ndi pansi pa mango paja, pomwe mbalame zimatera.

Wogulitsa maluwa ku Lilongwe:
Mbali ya fensiyo ngati mukufuna mpanda wamoyo ikani hibiscus, amamera ndi zodula ndipo alibe minga yobaya ana. Kapena cham'mwamba, muzidyanso masamba ake. Nkhadze ayi poti muli ndi ana, utomoni wake ukalowa m'maso ndi nkhani ina.

Mlimi wa ku Dedza:
Nanga masamba ndi nthambi zomwe adulezo sangaike pa kompositi?

Mphunzitsi wa ku Zomba:
Masamba okha atha kuika akafota, amaola bwinobwino. Koma nthambi zokhala ndi zipatso ayi, njere zimapulumuka mu kompositi nde mudzazimwaza nokha m'dimba lonse pothira manyowa. Zimenezo aziike padera ziume, adzaotche pang'onopang'ono m'dzenje mvula ikayamba, kutali ndi fensi.